MALAYA A TSIKU LA MLANDU

Munthu amene anakhalako pa khoti ya majisitireti m'mamawa alidziwa bwino phokoso la kasalanga, galimoto ija yonyamula akaidi. Ikangokhota pa geti, amai amene anali cikhalire pansi pa mtengo amanyamuka onse pamodzi, yense kusuzumira kuti aone ngati mwana wake kapena mwamuna wake ali m'gulu la obwera tsikulo. Citseko cikatseguka, anthu amatsika awiriawiri, ndipo popeza ambiri amaweramitsa nkhope, coyamba cimene maso aona ndi cimene munthu wabvala.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni caka ca 2023 tinali pa khoti kuperekeza mkristu mnzathu amene anaitanidwa kukacita umboni. Kunali kuomba mphepo ija yolowa m'mafupa. Pakati pa otsika m'kasalanga panali mnyamata wa zaka ngati 22, atabvala vesiti yong'ambika m'mapewa ndi kabudula wakuda bii ndi litsiro, kuphazi patapata womanga ndi waya. Dzanja limodzi linali m'unyolo pamodzi ndi la mnzake, lina linagwira kabudula m'ciuno kuti angagwe, pakuti thupi linali litatha. Tinamzindikira. Tinali kumuona pa mapemphero ku ndende, kumene timapita kawiri pa mwezi kukaphunzitsa katekisimu. Koma kumeneko amakhala kumbuyo atafunda kabulangete, ndipo sitinaganizepo n'kamodzi komwe kufunsa cimene cinali kunsi kwa kabulangeteko.

Lamulungu lotsatira tinakhala naye pambali, ndipo iye anatifotokozera motere: "Aphunzitsi, anandigwira mu Okutobala, dzuwa lili phwee, ndili kukankha wilibala pa msika. Zimene munandiona nazo ndi zomwe anandigwira nazo. Amai ali kumudzi, sadziwa ndi komwe ndili. Tsiku lija woweruza atandifunsa, mau anandithera, cifukwa m'khoti munali azimai a msinkhu wa amai anga, ine ndili ciimire ngati wamisala. Anzanga andiuza kuti ndingoubvomera mlanduwo, popeza wopezeka wolakwa amampatsako yunifomu."

Tinamfunsa kuti, "Nanga iwe mwananga, fetelezayo unabadi?" Iye anati, "Iyai, aphunzitsi. Ine ndinangonyamula katundu wa munthu amene anandilemba ganyu."

Ngati ananena zoona kapena ai, cimeneco cinali ca khoti, osati ca ife. Koma tinacoka pamenepo mtima uli wolemera, poona kuti mwana wa munthu angathe kusenza mlandu ndi dzina la wakuba moyo wake wonse cifukwa cosowa cobvala. Ndico cifukwa cake mwezi uno tafuna kuti ticezeko, okondedwa awerengi, za nkhani imene ioneka yaing'ono: zobvala za kunyumba za anthu amene ali m'ndende, makamaka pa tsiku lopita ku khoti ndi pa tsiku lotuluka.

Woimbidwa mlandu sanakhale wolakwa

Ambiri a ife tikamva za ndende timayesa kuti onse okhala m'menemo ndi amodzimodzi. Sizili tero ai. M'ndende muli magulu awiri akulu. Gulu loyamba ndi la anthu amene khoti inawapeza olakwa ndi kuwapatsa cilango. Amenewa ndiwo abvala yunifomu ya ndende. Gulu laciwiri ndi la anthu a pa rimandi, ndiye kuti amene ali kudikira kuti mlandu wao uzengedwe kapena uthe. Ndime 18 ya Malamulo Akulu a dziko lathu la Zambia iti munthu aliyense woimbidwa mlandu aziyesedwa wosalakwa kufikira khoti itampeza wolakwa, kapena iye mwini ataubvomera. Ena a pa rimandi ali m'kati cifukwa mlandu wao ndi waukulu, wosalola belo. Koma ambiri ali m'kati cifukwa ca umphawi: khoti inalola belo, koma iwo anasowa ndalama kapena anthu odalirika owaimira.

Pa 17 Disembala 2015 msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations unabvomereza malamulo 122 a kasungidwe ka akaidi, amene anawacha dzina la Nelson Mandela. Malamulowa anakonzanso ena akale a m'caka ca 1955. Lamulo la nambala 115 lilola munthu amene mlandu wake sunathe kubvala zobvala zake, malinga zikhale zoyera ndi zoyenera. Ndipo ngati ambveka za ndende, zikhale zosiyana ndi za opezeka olakwa. Colinga cake ncabwino: munthu asaoneke wolakwa khoti isanalankhule.

Koma taonani mmene cabwino cimeneci cimapwetekera mmphawi. Wa pa rimandi kwathu kuno amabvala zake. Tsono amene ali ndi abale pafupi amamtengera zosinthira, sopo ndi juzi, pamene wocokera kutali amakhala ndi zomwezo anagwidwa nazo. Masana abvala zomwezo, usiku agona nazo, ndipo akafuna kucapa ayenera kufunda bulangete kufikira ziume. Mlandu nao suthamanga. Lero mboni sizinabwere, mwezi wa mawa woweruza wapita kwina, kenaka mapepala sanafike. Wogwidwa m'cilimwe amapezeka ali m'kati m'dzinja, ndipo cisanu ca mu Juni cimampeza ndi vesiti ya mu Okutobala.

Kuculukana kwa anthu kumaonjezera bvutoli. Lipoti limene bungwe la Human Rights Watch linatulutsa m'caka ca 2010 pamodzi ndi mabungwe a PRISCCA ndi ARASA linasonyeza kuti ndende zimene zinamangidwa kuti zisunge anthu 5,500 dziko lisanalandire ufulu mu 1964, zinali ndi anthu 15,300 m'caka ca 2009, ndipo mwa anthu atatu aliwonse pafupifupi mmodzi anali wa pa rimandi. Pamene anthu agona mothithikana, cobvala sicikhalitsa, ndipo nsabwe ndi mphere zimayenda mosabvuta.

Kamtolo ka m'sitolo ya ndende

Nanga zobvala za munthu amene wapezeka wolakwa zimapita kuti? Lamulo la nambala 67 mwa malamulo a Mandela aja liti pa tsiku lolowa, ndalama, zobvala ndi katundu yense amene mkaidi saloledwa kukhala naye zilembedwe m'buku, mkaidi asaine, ndipo zisungidwe bwino kuti zisaonongeke. Pa tsiku lotuluka zonse zibwezedwe kwa mwini wake, iye asainenso. Lamulo la nambala 19 lionjeza kuti mkaidi akatengedwa kupita kunja kwa ndende pa cifukwa cobvomerezeka, aloledwe kubvala zake kapena zina zosacititsa anthu kumloza cala. Zifukwa zotere zilipo: kukacita apilo ku khoti yaikulu, kukayankha mlandu wina, kapena kukapereka umboni. Lamulo la nambala 108 likumbutsa kuti womasulidwa acoke atabvala zokwanira ndi zoyenera nyengo ya cakayo.

Dziko lathu nalo lasintha kaganizidwe. M'caka ca 2016, Malamulo Akulu atakonzedwanso, nthambi ya ndende inayamba kuchedwa Zambia Correctional Service, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo inapanga lamulo latsopano m'malo mwa lakale lija la mu 1965. Dzina latsopanoli litanthauza kuti colinga ndi kuongola munthu, osati kumlanga cabe. Timayamikira zimenezi, ndipo tadzionera tokha oyang'anira ndende ena akutulutsa ndalama m'thumba mwao kugulira mkaidi sopo.

Komabe buku lingalembedwe bwino, nsalu njosakhalitsa. Kamtolo komangidwa ndi thukuta lake, kosacapa, kakakhala zaka zitatu m'cipinda ca cinyezi, pomasula mupeza nkhungu, njenjete ndi mano a makoswe. Munthu amene analowa ali wonenepa amatuluka thalauzi isakumgwira m'ciuno, ndipo mnyamata amene analowa ali wamng'ono amatuluka malaya atamcepera. Mkaidi akasamutsidwa kucoka ku ndende ya kwao kupita ku ina yakutali, kamtolo kangathe kutsalira m'mbuyo. Ndiponso pali zobvala zimene apolisi amazigwira ngati umboni wa mlandu. Zimenezo sizibwera kufikira mlandu utatha.

Cotero langizo lathu kwa mabanja ndi ili. Mbale wanu akalowa, pemphani kwa oyang'anira kuti akuuzeni zimene zalembedwa m'buku pa dzina lake. Ngati cilango ncacitali ndipo aloleza, nkwabwino kutenga zobvalazo kupita nazo kunyumba, kuzicapa ndi kuzisunga m'sutikesi, kusiyana ndi kuzisiya ziole. Tsiku la khoti likayandikira, musadikire kukampatsira malaya pa khoti pomwepo, popeza kumeneko omperekeza kawirikawiri salola kupatsirana zinthu. Kaperekeni ku ndende kukali tsiku limodzi kapena awiri, kuti azifufuze bwino ndi kumpatsa.

Kodi malaya aweruza mlandu?

Wina angafunse kuti: woweruza amamva umboni, nanga malaya alowapo bwanji? Funso limeneli linafika ku khoti yaikulu kopambana ya dziko la America m'caka ca 1976, pa mlandu wochedwa Estelle v. Williams. Munthu wina ku Texas, amene analephera kulipira belo, anapempha woyang'anira ndende kuti ampatse zobvala zake m'mawa mwa tsiku la mlandu, koma anamkaniza, ndipo anaimirira m'khoti ndi zobvala za ndende. Khoti yaikuluyo inagamula kuti boma lisamakakamize munthu kuzengedwa mlandu atabvala za ndende pamaso pa anthu wamba aja amene kumeneko amasankhidwa kuti agamule, cifukwa cobvalaco cimawanong'oneza nthawi yonse kuti uyu ndi wolakwa. Komabe munthuyo sanapindule, pakuti loya wake sanadandaule kwa woweruza pa tsiku lomwelo. Pamenepa tiphunzirapo kuti bvuto la zobvala liyenera kunenedwa msanga, kwa loya kapena kwa woweruza, mlandu usanayambe.

Kwathu kuno milandu imaweruzidwa ndi majisitireti ndi majaji ophunzira, amene adziwa kusiyanitsa nsanza ndi umboni. Sitinena kuti iwo amanyengedwa ndi jekete. Cimene tinena ndi ca mwini mlandu. Pa mwambo wathu munthu sapita pa bwalo la mfumu mapewa ali pamtunda, ndipo mai saimirira pamaso pa akulu popanda citenge. Munthu wogwidwa ndi manyazi salankhula momveka, safunsa mboni mafunso, saona woweruza kumaso. Cimene afuna ncakuti zithe msanga acoke pamaso pa anthu. Ambiri a iwo alibe loya, ayenera kudzinenera okha. Wocotsedwa ulemu wacotsedwanso mau.

Nelson Mandela mwini anaidziwa nkhani imeneyi. Pozengedwa mlandu ku Pretoria mu Okutobala 1962, analowa m'khoti atabvala cikopa ca makolo a kwao, kuti onse aone kuti mwana wa mu Africa ali kuweruzidwa ndi malamulo amene sanapange nao. Patapita caka, poyamba mlandu wa Rivonia mu 1963, anamtengera ku khoti ali ndi kabudula wa khaki wa ndende, popeza anali kale pa cilango, ndipo cimeneci cinamuwawa kwambiri. Pa cilumba ca Robben Island, akaidi akuda anali kuwabveka akabudula ngati ana, pamene a mitundu ina anali ndi mathalauzi atali, ndipo iye analimbana nalo khalidweli. Amene anakonza zimenezo anadziwa kuti cobvala cingathe kucepsa munthu wamkulu.

Tisaiwale mbali ina. Kalata ya Yakobe Woyera, pa mutu 2, idzudzula akristu amene amapatsa mpando wabwino munthu wa zobvala zokongola ndi kukhazika pansi wa nsanza. Motero colinga cathu sindico kukometsa wolakwa kuti anyenge khoti ndi suti. Tifuna cabe kuti mmphawi aimirire monga aimirira munthu wina aliyense, kuti cimene cimveke cikhale mau ake.

Zimene tipeza m'Malembo Oyera

Nzodabwitsa kuona kuti Malembo Oyera amasamala za cobvala ca mkaidi kangapo konse. M'buku la Genesisi, mutu 41, pamene Farao anaitanitsa Yosefe kucoka m'ndende, ngakhale anali kumfulumizitsa, Yosefe anayamba wameta ndi kusintha zobvala asanaonekere kwa mfumu. Buku laciwiri la Mafumu limatha ndi nkhani ya Yehoyakini, mfumu ya ku Yuda, amene anamasulidwa ku Babiloni m'caka ca 37 ca ukapolo wake. Wolemba sanaiwale kutiuza kuti anabvula zobvala za ukaidi asanayambe kudya pamodzi ndi mfumu. Mneneri Zekariya, pa mutu 3, anaona m'masomphenya mkulu wa ansembe Yoswa ataimirira ngati pa bwalo la milandu, atabvala zalitsiro, Satana ali pambali kumneneza. Ndipo mngelo wa Ambuye analamula kuti ambvule zalitsirozo ndi kumbveka zoyera.

Paulo Woyera, ali m'ndende, analembera Timoteo kuti amtengere mwinjiro umene anausiya ku Troasi kwa Karpo, ndi kuti afulumire nyengo yozizira isanafike. Mtumwi wamkulu uja naye anamva cisanu ca m'ndende, ndipo sanacite manyazi kupempha.

Koposa onse, tikumbuke Ambuye athu Yesu Kristu pa tsiku la mlandu wao. Herode anawabveka cobvala conyezimira mowaseka, asilikali a Pilato anawabveka cofiira, ndipo pa Kalvario anawabvula, nagawana zobvala zao. Timasinkhasinkha zimenezi caka ndi caka pa Njira ya Mtanda, pa malo a khumi. Pa mutu 25 wa Mateyo Woyera, pofotokoza za ciweruzo comaliza, Ambuye anaika wamaliseche ndi wam'ndende mu mndandanda umodzi wa anthu amene mwa iwo tikumana ndi Iwo eni. Katekisimu imatiphunzitsa kubveka amaliseche ndi kuyendera am'ndende monga nchito ziwiri za cifundo. Pa nkhani yathu ino ziwirizi zakumana pa munthu mmodzi.

Eklezia sanaleke kuyenda njira imeneyi. Vincent de Paul Woyera anaikidwa mu 1619 kukhala wansembe wa akaidi opalasa zombo za mfumu ya ku France. Papa John XXIII anacezera akaidi a ku Regina Coeli ku Roma pa 26 Disembala 1958. Papa Francis anasambitsa mapazi a acinyamata a m'ndende ya Casal del Marmo pa Lacinai Loyera mu 2013, ndipo pa 17 Epulo 2025, kutatsala masiku anai kuti amwalire, anapitanso kukaona akaidi a ku Regina Coeli ali wodwala.

Bokosi la pa parishi

Titamva za mnyamata uja, tinakafotokozera anzathu a kagulu koyendera akaidi, ndipo tinasonkha mashati asanu ndi mathalauzi atatu. Tiyenera kuulula kuti ciyambi cathu cinali ca cibwana. Tinangopereka zobvalazo popanda kulemba, ndipo pasanathe mwezi zonse zinasowa: wina anatuluka nazo, wina anasinthanitsa ndi cakudya. Coipa koposa, mai wina anatipatsira kaphukusi ka mwana wake, ife tinanyamula osamasula, ndipo pa geti anapeza fodya wosokerera mu mpendero wa thalauzi. Anatiletsa kulowetsa kanthu kwa miyezi itatu, ndipo olangika anali akaidi osalakwa. Kucokera pamenepo tinapangana malamulo athu, amene tiwapereka kwa maparishi ena ofuna kuyamba nchitoyi.

Coyamba, musayambe musanalankhule ndi Bambo Mfumu, ndi wansembe kapena mbusa woyang'anira mapemphero ku ndendeko, ndiponso mkulu wa ndende. Iye ndiye adziwa zololedwa ndi zoletsedwa. Kwathu anatiuza kupewa zobvala zofanana ndi za asilikali, za apolisi kapena za ndende, ndiponso malamba ndi zingwe. Motero timasankha mathalauzi a lasitiki m'ciuno ndi nsapato zosamanga.

Caciwiri, siyanitsani zobwereketsa ndi zopatsiratu. Shati ndi thalauzi ya ku khoti, kapena deresi ndi citenge, nzobwereketsa: timasokerera nambala m'kolala, ndipo timalemba m'buku tsiku, nambala, dzina la wobwereka, tsiku la mlandu wake ndi tsiku lobweza. Buku limeneli silionetsedwa kwa anthu wamba, popeza maina a oimbidwa milandu si nkhani ya pa citsime. Zam'kati, majuzi ndi zobvala za tsiku lotuluka nzopatsiratu.

Cacitatu, cobvala ciliconse cikabwera cicapidwe ndi madzi otentha, ciyanikidwe pa dzuwa ndi kusitidwa, makamaka m'misoko mmene nsabwe zimabisala. Tinagawana nchitoyi m'Miphakati, uliwonse mwezi wake, kuti isalemere azimai awiri okha. Azibambo nao agwire nsimbi. Palibe lamulo la Eklezia lowaletsa.

Cacinai, pisani m'matumba onse ndi kupapasa mipendero musanacoke pa parishi, ndipo musanyamule phukusi la munthu wina, ngakhale wa m'kwaya, musanalimasule iye akuona.

Cacisanu, sungani tsiku la mlandu la aliyense amene alibe abale. Cobvala cofika tsiku litapita cilibe nchito. Ngati mungathe, tumizaninso mau kwa abale ake kudzera kwa katekisiti wa kumudzi kwao. Kawirikawiri banja silinamtaye, koma silidziwa kumene ali.

Cacisanu ndi cimodzi, musalowerere pa za umboni. Zobvala zimene apolisi anagwira si zathu kuzipempha, ndipo sitibveka munthu ndi colinga cakuti mboni zisamzindikire. Ngati pali cikaiko, funsani loya wake kapena a Legal Aid Board.

Za azimai zifuna cisamaliro capadera, ndipo ziyenera kuyendetsedwa ndi azimai anzao. Kuonjezera pa deresi, citenge ndi duku, pafunika zam'kati ndi zofunika pa nthawi ya kumwezi, zimene mai sangapemphe kwa mwamuna. Palinso tiana timene tili m'ndende pamodzi ndi amai ao popanda mlandu uliwonse. Timeneti timakula msanga, ndipo kamalaya ka mwezi uno sikakwana pakapita miyezi itatu.

Zobvala zimenezi sizifuna cuma cambiri. Zambiri zimacokera m'masutikesi a akristu, zina timagula pa salaula ndi ndalama za copereka ca m'Nyengo ya Lenti. Koma tipemphe cinthu cimodzi: musatipatse cimene inu eni simungabvale popita ku Misa. Ndende si dzala.

Nanga ana amasiye?

Pa msonkhano wa bungwe la parishi, bambo wina wacikulire anaimirira nati, "Aphunzitsi, ine anandithyolera nyumba kawiri. Lero mufuna kuti ndibveke wakuba, pamene ana amasiye a mu Mphakati wathu apita ku sukulu opanda juzi?" Funso limeneli nloona, ndipo sitinaliyankhe mopepuka. Wobedwa ali ndi bala, ndipo Eklezia ayenera kumuyendera iyenso. Ana amasiye nao ali patsogolo pa nchito zathu za cifundo, ndipo bokosi la akaidi lisadye za iwo.

Koma tinawakumbutsa bambowo kuti ambiri obwereka malaya athu khoti sinawapeze olakwa, ndipo ena idzawamasula. Ngakhale wolakwa weniweni, cilango cake ndi kutsekeredwa. Palibe woweruza amene analamulapo kuti munthu akhale wamaliseche. Ndiponso ndende sisankha. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Kenneth Kaunda, anagonamo pa nthawi ya atsamunda, ndipo anagwidwanso pa tsiku la Khirisimasi mu 1997. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Ngozi ya pa mseu, mkangano wa malire a munda kapena bodza la mnansi zingathe kukweza mwana wa aliyense wa ife m'kasalanga. Bambo aja sanayankhe kanthu tsikulo, ndipo sitinawakakamize.

Tsiku lotuluka

Pa masiku ena akulu a dziko, monga pa 25 Meyi ndi pa 24 Okutobala, atsogoleri a dziko lino akhala akukhululukira akaidi ambiri pa nthawi imodzi. Ena amatuluka pa parole, ndiye kuti kumasulidwa cilango cisanathe malinga asunge malamulo amene apatsidwa, ndipo ena pa belo. Tsiku lotere ndi lacisangalalo, komanso ndilo tsiku limene kamtolo kaja kamasulidwa ndi kupezeka kataola. Munthu wotuluka ndi nsanza, aliyense pa siteshoni ya basi amadziwa kumene wacokera. Kumudzi ana amamthawa, ndipo kofuna nchito amambweza pa geti. Tikumbuke kuti m'fanizo la mwana wolowerera, cinthu coyamba cimene atate analamula anchito ao cinali kumtengera mwanayo cobvala cabwino, cakudya cisanaphikidwe. Parishi imene ili pafupi ndi ndende ifunse kwa mkulu wa ndende masiku amenewa asanafike, kuti ikonzeretu.

Mnyamata wathu uja sanaubvomere mlandu. Anapita ku khoti kawiri atabvala shati yoyera ya nambala 7 ndi thalauzi yakuda, ndipo mu Ogasiti 2023 woweruza anammasula cifukwa oimba mlandu analephera kubweretsa umboni wokwanira. Sitinena kuti shati ndiyo inammasula. Tinena cabe kuti inamthandiza kudikira ndi kudziyankhira. Anali atakhala m'kati miyezi khumi. Patapita masabata awiri anabwera pa parishi ndi kapepala m'manja, m'kati muli shati ija yocapa ndi yosita, nati, "Aphunzitsi, ndabweza. M'cipinda mwathu muja mwatsala mdala wina wa ku Lundazi, mlandu wake uli pa 14, ndipo alibe aliyense."

Abale ndi alongo, pafupi ndi maparishi athu pali ndende: Namuseche ku Chipata, Chimbokaila ndi Kamwala mu Lusaka, Mukobeko ku Kabwe, ndi zina zing'onozing'ono m'maboma. Pa msonkhano wa Mphakati wa mwezi uno, funsanani ngati alipo wa pakati panu amene ali ndi mbale m'kati koma acita manyazi kunena. Pambuyo pake yense akatsegule sutikesi yake, aone shati kapena citenge cimene capita caka osacibvala, acicape, acisite, ndi kucipereka kwa a kagulu koyendera akaidi. Ngati kagulu kotere kulibe pa parishi panu, kaonaneni ndi Bambo Mfumu Lamulungu likudzali. Mulungu adalitse mabanja anu onse.